Galu wanu amulawitsa bowa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tikudzuka, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kupola. Amene sali bwino ndi galu wanu Kambuku, moti ndikulemba mtima ukundiwawa.

Lachiwiri alamu anu, bambo a kunyumba kuno, anatsika m'phiri la Michesi ndi nkhuni komanso bowa woyera wofanana ndi ndelema. Ndinawauza kuti bowayo sindikumudziwa, amutaye. Ine nditapita kumjigo, iwo anaphika okha n'kupatulira Kambuku kuti alawe. Akuti galu akapanda kudwala ndiye kuti ndi ndiwo.

Pobwera ndinawapeza akuitana ana kuti adye. "Taonani, si uyo akugwedeza mchirayo!" Ndinalanda mphika n'kukakhuthula m'chimbudzi. Tinakangana mpaka aneba anatuluka.

M'mawa mwake Kambuku anayamba kusanza, dovu lili chuchuchu, miyendo ikukana. Ndinamuika m'dengu n'kupalasa njinga mpaka ku Chiringa kwa alangizi a ziweto. Anandikalipira ngati ndinamupatsa ndine. Akuti bowa wina amawononga chiwindi mwakachetechete galu akuoneka wabwinobwino, ndipo tinayenera kuthamanga naye tsiku lomwelo, titatengako bowayo kuti amuone. Panopa akumwa timadzi, koma chakudya akungonunkhiza.

Chonde muwaimbire alamu anu, mwina inu akumverani. Mpaka lero akudandaula kuti ndinataya ndiwo zabwino. Muwafunse kuti ana anayi aja ndikanawanyamula m'dengu liti.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati