Mabisiketi a Apongozi

Okondedwa akulu anga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga alamu ndi ana akudzuka bwanji? Kuno tikudzuka ndithu. Ntchito yanga kochapa zovala ikuyenda, ngakhale makina ena anafa ndipo mabulangeti tikufinya pamanja. Chimene sichili bwino ndi mtima wangawu, umene sunakhale pansi chibwerereni ku ukwati wa mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a Kamphepo. Pa foni sindikanatha kulongosola, poti nyumba yathu mukuidziwa kuchepa kwake. Ukatsokomola kuchipinda, wa pabalaza amakupepesa.

Mwana wanu Kamphepo anali atayamba kunenepa, moti dzina lakeli linatsala pang'ono kumuthawa. Monga ndinakuuzani, adokotala anapeza kuti matumbo ake sagwirizana ndi tirigu. Matendawo akuti siliyaki. Alibe mankhwala, koma kungosiya chilichonse chokhala ndi tirigu kapena balere: buledi, mabanzi, makeke, mabisiketi. Ngakhale nyenyeswa zotsalira pa mpeni zimamugwetsa. Ndiye ndinamugulira poto wake, mbale yake ndi supuni yake, ndipo zimakhala pashelefu yapamwamba. Adokotala anatinso matendawa amayenda m'magazi, choncho ife makolo tikayezetse. Ine ndinapita, sanandipeze nawo. Bambo ake akuti alibe nthawi.

Apongozi anafika kuno kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke ulendo wa ku ukwatiwo. Atangoona poto wapaderayo anafunsa ngati mdzukulu wawo wasanduka mlendo m'nyumba ya bambo ake. Ndinawafotokozera modekha. Iwo anati amenewo ndi matenda a m'tauni, opeka madokotala ofuna kutchuka, ndipo kumtundu kwawo sanamvepo mwana wodwala ndi buledi. Anawonjezera kuti mwana womanidwa amakula wosusuka.

Tsiku loti mawa tinyamuka ndinapita nawo kusitolo yaikulu kukagula kamba wa paulendo. Akulu anga, kugulira mwana ameneyu chakudya ndi ntchito. Paketi iliyonse ndimaitembenuza n'kuwerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo tija mpaka maso kuwawa. Tirigu amabisala ngati nsikidzi. M'masoseji alimo, mu supu wa m'paketi alimo, ngakhale m'maswiti ena. Mayi wina wogwira ntchito m'sitolomo ananditsimikizira kuti phala lina la m'bokosi lilibe vuto, koma nditawerenga ndinapeza kuti amaligaya pa makina omwe amagayiranso tirigu. Ndinalibweza pamalo pake. Ndinatenga mpunga, mazira, mtedza wosasenda ndi kaufa kolembedwa poyera kuti mulibe guluteni, chinthu cha m'tirigu chimene chimamupwetekacho. Apongozi anatopa, anati ndikuwerenga sitolo ngati ndikukalemba mayeso.

Titalipira n'kutuluka, anati aiwala mafuta odzola, nabwerera okha. Ndinawaona pagalasi akulowetsa kanthu m'chikwama chawo cha m'manja. Sanali mafuta.

Panjira basi inaima pamalo odyera. Woperekera zakudya ankavomera chilichonse ndisanamalize kufunsa. Tchipisi chilibe ufa wa tirigu? Chilibe. Msuzi? Ulibe. Ndikanafunsa ngati buledi wawo alibe tirigu, akanavomeranso. Ndinazungulira kuseri ngati ndikufuna posamba m'manja, ndipo ndinaona nkhuku yopaka ufa wa tirigu ikukazingidwa m'mafuta omwewo a tchipisi. Kamphepo anadya mpunga ndi mazira zimene ndinaphikiratu kunyumba, uku akuyang'ana ana anzake a m'basi akunyambita zala. Bambo ake anati ndawachititsa manyazi, ndikuyenda ngati wapolisi m'makhitchini a eni.

Kumeneko tinafikira kunyumba yogona alendo, chipinda china ife, china apongozi. Masana a tsiku loti mawa ukwati, anandiitana kuti ndikathandize kusita madiresi a operekeza mkwatibwi. Apongozi anati ndiwasiyire mwana azicheza naye. Ndinazengereza, koma ukawakaniza agogo mdzukulu wawo pamaso pa abale, nkhani imakhala ina. Ndinamudyetseratu, n'kumusiya.

M'mawa mwake Kamphepo anadzuka mimba itatupa ngati ng'oma, akusanza ndi kutsegula m'mimba. Diresi lake loti akamwaze nalo maluwa linangokhala chikolekere kuseri kwa chitseko. Ukwatiwo ife awiri sitinauone. Ndinamufunsa chimene anadya ine kulibe. Anayang'ana pakhomo pamene agogo ake anaima atavala kale zaukwati, kenako anatembenukira kukhoma.

Anthu atapita, ndinalowa m'chipinda cha apongozi kukatenga juzi la mwana. Pa bulangeti panali nyenyeswa. M'bini ya zinyalala munali pepala la mabisiketi, mawu oti ufa wa tirigu ali poyamba penipeni.

Mantha ndinali nawo, koma paja wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Atabwerako ndinawaonetsa pepalalo, bambo a Kamphepo ali pomwepo. Apongozi sanagwedezeke. Anati mabisiketiwo anagula kuti azimwera tiyi iwo eni, ndipo mwana sanamupatse. Bambo a Kamphepo anawakhulupirira. Anati mwina ndi madzi achilendo, ndipo ine ndafika pokayikira ndi chithunzithunzi changa chomwe.

Koma akulu anga, taganizani. Chikwatiwireni ine, munawaonapo apongozi atagwira buledi? Pa maliro a bambo athu tinawapatsa mabanzi, iwo anangomwa tiyi wopanda chomwera. Keke ya ukwati umenewu akuti anaikulunga m'kansalu n'kupatsa dalaivala. Amati za tirigu zimawakhala pachifuwa. Ndiye munthu wotere n'kukagula mabisiketi oti adye yekha, mochita kubisa?

Titabwerera kuno apongozi anakhala osayankhulayankhula. M'mawa woti azipita kwawo, bambo a Kamphepo atatuluka kukafuna galimoto, ndinawapeza atakhala pabedi la mwana, akumusisita pamimba iye ali m'tulo. Anandifunsa osandiyang'ana.

"Adokotala anu aja anati mwana akhoza kufa nawo matendawa, ngati anthu sakudziwa?"

Ndinati inde, akhoza kumangowonda mpaka thupi kutha. Kenako anati bambo a Kamphepo asanabadwe, iwo anali ndi mwana wina, mtsikana. Nthawi imeneyo amuna awo ankagwira ntchito kophika buledi, ndipo ankabwera ndi wotsala tsiku ndi tsiku. Mwanayo akamawonda, iwo ankamuviikira buledi mu tiyi kuti anenepe. Akawonderatu, ankamuwonjezera. Mimba yake inali yotupa chimodzimodzi. Anamwalira asanafike poyamba sukulu.

Apo galimoto inaliza hutala panja, ndipo ananyamula katundu wawo. Za bisiketi sanavomere, nanenso sindinafunsenso. Bambo a Kamphepo nditawauza, anati za mlongo ameneyo sanamvepo chibadwire. Koma kuyezetsa kuja sanapitebe.

Ine ndikuganiza kuti apongozi anamupatsa ndithu. Mwina ankafuna aone mwana atadya n'kudzuka bwinobwino, kuti mtima wawo utsimikize kuti si buledi amene anatenga wawo uja. Ndikaganiza choncho chifundo chimandigwira. Koma mwana wanga si woyeserapo, ndipo munthu amene anayesa kamodzi osavomera, sindingamulumbirire kuti sadzayesanso.

Pempho langa ndi limodzi. Apongozi apempha kuti Kamphepo abwere kumudzi pa tchuthi, ndipo bambo ake avomera kale. Ine ndati abwera, koma azikagona ndi kudya kwa inu, amayi ake aakulu, poti simutalikirana ndi agogo akewo. Ziwiya zake ndi ufa wake ndimupatsira. Agogo ake azibwera kudzacheza mmene angafunire, ndipo muziwalandira bwino, koma mukamachoka pakhomo mwana muzimutenga. Za mtsikana uja musawafunse, musauzenso munthu. Akabwera ndi kamphatso ka m'pepala, mulandire ndi manja awiri, muthokoze, mukasunge patali. Akafuna kumudyetsa ndi dzanja lawo, musawakanize. Muwapatse mango ndi mpeni wotsuka, amusendere, inu mutakhala pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo wachira, wayambanso kulumpha chingwe pakhonde. Zinazi zikhale za ife awiri.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mayi a Kamphepo