Ulendo wa Agogo a Thanh ku Vung Tau

Wakefield,
9 Epulo 2024

Okondedwa achemwali a Modester,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chilomoni. Ine ndabwerako ku Vietnam, ndipo Wakefield wandilandira ndi kamvula kake kosatha kaja. Mumadandaula kuti pafoni ndimalankhula ngati ndikuthamangira basi, ndiye lero poti sindili pantchito ndati ndikulembereni modekha.

Mukuwakumbukira a Thanh, agogo amene ndimawasamalira kunyumba kwawo aja? Anathawa kwawo pa boti ali mnyamata, ndipo tsopano ayamba kuiwalaiwala. Mwana wawo, Linh, anafuna kuti akaonane ndi mlongo wawo wamng'ono, a Hoa, zinthu zisanafike poipa. Popeza mankhwala amakana akawapatsa wina, ananditenga ine.

Tawuni yawo ndi Vung Tau, m'mbali mwa nyanja yamchere. Achemwali, njinga zamoto! Kabaza wa ku Limbe ndi masewera. Tsiku loyamba ndinaima pamsewu ndi chikuku cha agogo, kudikira kuti mwina zidukiza. Mayi wina wogulitsa mango anandiseka, n'kundigwira dzanja ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Tinangolowa pakati, njinga zonse zikutilambalala. Pofika tsidya linalo, agogo anali akuwomba m'manja.

M'mawa tinkapita kugombe dzuwa lisanakwere. Anthu kumeneko amasambira atavala malaya, azimayi achikulire akuvina pamchenga atatsegula wailesi. Khofi wawo amathira mkaka wa kondensi ndi ayezi. Ndinayamba ndakana, koma pomaliza ndinkaitanitsa kapu yachiwiri. Ana ankabwera kudzandigwira tsitsi. Poyamba zinkandinyansa, kenaka ndinayamba kugwiranso lawo, iwo n'kuthawa akuseka. Kumsika ndinapeza tinsomba touma tofanana ndi usipa. Ndinatinunkhiza nthawi yaitali mpaka wogulitsa anandimvera chisoni, n'kundiikirako m'kapepala.

Koma kwa a Hoa sizinayende. Mayiwo anaphika, anatchena, abale anadzaza nyumba. A Hoa atati awakumbatire, agogo anabwerera m'mbuyo n'kundigwira siketi.

"Tine, amayiwa ndani?" anafunsa m'Chingerezi. "Tiye, basi ya ku Leeds itisiya."

A Hoa anangolowa kukhitchini. Ndinawaona akupukuta maso ndi kansalu ka mbale.

"Ndalakwitsa kubwera nawo," anatero Linh.

M'mawa mwake a Hoa anatilondola kugombe. Sanayesenso kuwakumbatira. Anakhala pakampando kapulasitiki n'kumasenda tizipatso tina taubweya. Agogo anatola kamodzi n'kukaponya m'kamwa ndi khoko lomwe. A Hoa anawamenya padzanja, n'kuwakalipira m'chiyankhulo chawo mokweza mpaka anthu anacheuka. Ndinadzuka kuti ndileretse, koma ndinapeza agogo akuseka. Anayankha m'chiyankhulo chomwecho, ndipo ndinamva bwinobwino akuti, "Hoa!"

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuuza a Hoa kuti sunasinthe, ukadali wolongolola," Linh anandinong'oneza, misozi ili mbwembwembwe.

Anakangana m'mawa wonse atagwirana manja. Pofika masana agogo anali atawaiwalanso, koma tsiku lonyamuka a Hoa anatiperekeza akumwetulira, ndipo ine anandipatsa chipewa chosongoka chimene sindikudziwa kuti ndidzachivalira kuti kunoko.

Achemwali, m'ndege monse pobwerera ndinkalingalira zimene munandiuza mwezi watha, zoti amayi anasochera pochokera kutchalitchi, ndiponso kuti madzulo amakufunsani ngati Tinenenji waweruka kusukulu. Ntchito imeneyi ndimaigwira tsiku ndi tsiku, tanthauzo lake ndikulidziwa, ndipo ndikuganiza nanunso mukulidziwa. Ndapempha tchuthi kwa abwana, andilola mu Ogasiti. Pakadali pano chonde pitani nawo akaonedwe ndi adokotala, ndipo kumsika asamapite okha. Ndikudziwa kuti mtolo wonsewu mwausenza nokha. Zikomo, achemwali.

Mundiperekere moni kwa alamu a Sosten. Mwana wanu Tiya mumuuze kuti ndamugulira kansalu kofiira, asiye kundivutitsa pa foni. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsanso ngati ndaweruka, musawatsutse. Muwauze kuti Tinenenji ali panjira.

Ndine mng'ono wanu,
Tinenenji