Njere ya Kalongonda

Lolemba, 8 Januwale 2024

Kope ili ndi la Takondwa, mwana wanga wamkazi woyamba, la Sitandade 6. Masamba otsala kumbuyowa ndatenga ine. Wouza ndilibe, ndiye ndiuze pepala.

Leah wakananso bere lakumanzere. Tsiku lachinayi. Akangolawa, kutembenuza nkhope, kulira. Lakumanja akuyamwa mpaka thukuta pamphuno.

M'bafa m'mawa ndinapapasa. M'beremo muli kanthu. Chakukhwapa, kolimba ngati njere ya kalongonda yosaphika. Sikapweteka. Bola kakanapweteka, ndikanati ndi chithupsa.

Ndavala, dengu kumsana, kukathyola tiyi. Tsamba lachuluka ndi mvulayi. Akapitawo akuti wojomba mwezi uno adziwe kuti pageti pali anthu akudikira dengu lake.

Lachitatu, 10 Januwale

Mayi aang'ono akuti, "Mwana akakana bere make ali ndi pakati, usatinamize iwe." Ndinaseka. Ikanakhala mimba bwenzi ndikuvina pabwalo.

A Mackson, abambo a anawa, akuti ndi mkaka wagona, ndithowe ndi madzi otentha. Ananena uku akupopa njinga, maso ali kumsewu. Kabaza wa pa Limbuli sadikira munthu. Ndathowa mpaka khungu kufiira. Kanthuko phee, pomwepo.

Lero: kumjigo kawiri, phala la Leah, yunifolomu ya Takondwa sinaume, ndaiumitsa pamoto. Tiyi tsiku lonse. Pobwera nkhuni, ndiwo, matewera. Tsitsi ndinaluka liti? Novembala, pa ukwati uja. Kudya nditakhala pansi, sindikukumbuka n'komwe.

Loweruka, 13 Januwale

Pochapa kumtsinje ndakumbukira amayi. Sindimafuna, zangobwera zokha.

Nawonso ankathyola tiyi, minda yomweyi. Ankamanga pachifuwa ndi chitenje chakale, bulauzi pamwamba, n'kunyamula dengu. Zaka ziwiri. Ukawafunsa, yankho limodzi: "Mayi sadwala, amangotopa." Ine ndinali ndi zaka 15. Nsalu zija ndinkachapa ndine, osafunsa kuti madonthowa ndi a chiyani. Fungo lake likadali m'mphuno mwanga.

Tsiku limene dengu linawakanika ndi limene tinawakweza panjinga kupita kuchipatala cha Mission. Adokotala anamasula nsalu ija, n'kutiyang'ana. "Munali kuti nthawi yonseyi?" Amayi anakhala masabata asanu basi, n'kutisiya.

Takondwa ali ndi zaka 13. Leah miyezi isanu ndi inayi, sanaime n'komwe. Adzandidziwa nkhope?

Ndikuopa. Mulungu wanga, ndikuopa.

Lachiwiri, 16 Januwale

Tsiku la sikelo. Za mwana akapitawo savuta, anandipatsa m'mawa wonse. Ndinati mwayi ndi womwewu. Buku langa la kuchipatala ndinalifuna mpaka kulipeza pansi pa sutikesi, mphemvu zitadya pangodya. Cholembedwa chomaliza: Epulo chaka chatha, tsiku lobadwa Leah. Mabuku a ana adzaza mpaka kuchikuto. Langa loyera mbee.

Ndinalipinda m'chitenje. Njira yonse ndikuyeserera mawu. Anesi, ndili ndi kanthu apa. Mawu ochepa chabe.

Leah wakwera sikelo, anesi anandiyamikira. Kenako, akulemba, "Pali vuto lina, mayi?" Kumbuyo kwanga mzere mpaka pamtengo wa mango, ana kulira, amayi anzanga makutu tcheru. Pakamwa panga panayankha pokha. "Ayi, palibe."

Buku labwerera pansi pa sutikesi. Wamantha ine. Ndikanakhala mwana wanga bwenzi nditadzikoka khutu.

Lachinayi, 18 Januwale

Lamba wa dengu akudutsa pamalo pomwepo. Dengu likadzaza, ndikumva ngati akukakankhira mkati. M'mawa ndang'amba chitenje chakale chobiriwira chija, ndamanga pachifuwa kuti lamba asakhule. Pomanga mfundo ndi pamene manja anaima. Mfundo yake yomweyo, ya amayi, yapambali pa khwapa. Palibe anandiphunzitsa.

Ndamanga basi. Nthawi inali itatha.

Lines, mnzanga wa mzere woyandikana, maso ake ngati a kabawi. "Iwe Lettie, dzanja lamanzerelo wabwereketsa kwa ndani? Ukuthyola ngati mlendo." Masana, pamthunzi, anzathu akumwa tiyi, ndinamukokera kuseri n'kumugwiritsa. Anasiya kuseka. Lines amaseka ngakhale pamaliro, lero anasiya.

Akuti ndipite kuchipatala mawa. Akuti iye athyola mizere iwiri, dengu lina akakweza sikelo pa nambala yanga, akapitawo awalankhula yekha. Ndinati tsamba lichepe kaye, Epulo. Akuti, "Epulo wake uti? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine sindingakudwalire."

Ndinamukwiyira. Chifukwa akunena zoona.

Lamulungu, 21 Januwale

Kutchalitchi. Amayi a Mvano akusonkhetsa ufa wokaonera odwala Lachinayi. Dzina loyamba kulembedwa pa opereka, langa, monga mwa masiku onse. Nyimbo sindinaimbe. Ndimangoyang'ana amayiwo mmodzimmodzi, kuganiza kuti adzandisambitse ndi ati.

Kakula kapena ndi zala zanga? Ndikupapasa kakhumi patsiku.

Takondwa akutsimphina pang'ono. Akuti nsapato yathina.

Loweruka, 27 Januwale

Masiku onsewa osalemba. Manja analibe mpata, mutu nawonso.

Dzulo pobwera kutiyi ndinapeza Takondwa atagona chammbali pakhonde, Leah akadali kumsana kwake. Thupi moto. Ndowa ziwiri zodzaza pakhomo, watunga ndithu. Ndinamuvula nsapato. Phazi lotupa ngati chinangwa, lomangidwa ndi kansalu kobiriwira. Chidutswa cha chitenje changa chija. Nditamasula, mafinya, ndi fungo. Fungo lija.

Anaponda msomali Loweruka lapitalo, kuseri kwa khola. Sabata yathunthu akupita kusukulu, kumjigo, kubereka mng'ono wake.

Ndinakalipa mpaka aneba kutuluka. Bwanji osanena? Ulibe pakamwa? Iye misozi chabe, kenako motsitsa, "Ndinakuonani kubafa mukumanga, n'kupita kuntchito. Ndimati nanenso ndipirire. Mumatopa kale, amayi."

Make mbuu, mwana mbuu. Ndimati ndabisa, chonsecho ndikuphunzitsa.

A Mackson anatitengera ku Mission, mwana pakaliyala, ine pa njinga ya mnzawo. Atsuka bala, jakisoni, mapiritsi. Akuti phazi lipola. Anesi pomanga bandeji anandiyang'ana. "Mayi, munali kuti masiku onsewa?"

Mawu omwewo. Zaka 19 zapita, mawu omwewo.

Lolemba, 29 Januwale

Ndayamba kulemba ndili pabenchi ku Mission, ndikudikira kalata ya adokotala, ndamalizira kunyumba.

Lines anafika kusanache bwino, anatenga dengu langa. Leah ndasiyira mayi aang'ono, ang'ung'udze ang'ung'udze. Nsalu sindinamange.

Kuyenda wopanda mwana kumsana, wopanda dengu, wopanda ndowa. Msana kuzizira. Manja osadziwa pokhala. Panjira anthu atatu andifunsa, "Wadwala ndi uti, wamkulu kapena wamng'ono?" Woyamba ndi wachiwiri ndinangoti zikomo. Wachitatu ndinamuyankha kuti ndine. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Pawindo akalaliki, "Buku la mwana?" Ndinati ndi langa. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, koma anatuluka.

Adokotala ake achizimayi, manja ozizira. Anapapasa nthawi yaitali, mbali zonse, mpaka m'khwapa. Ine maso padenga, kuwerenga malata. Anaitana anzawo, nawonso anapapasa. Ndimadikira kuti aseke, anene kuti ndi mkaka wagona. Sanaseke.

Akuti Lachinayi ndipite ku Blantyre, akatenge kachidutswa akayeze. Akuti sangadziwe ndi zala zokha, mwina ndi khansa, mwina ayi. Liwu limenelo kwathu sitilitchula, timangoti matenda aja. Iwo analitchula ngati akutchula malungo. Kenako, "Mwachita bwino kubwera kakadali kakang'ono."

Kakadali kakang'ono. Ndagwira pomwepo ndi manja awiri.

Potuluka ndagula nanazi wodula kale, ndadya ndekha pansi pa mtengo, nditakhala pansi, osasiyira munthu. Ndinalira uku ndikutafuna. Wogulitsa ankaganiza kuti ndi wowawasa.

Lachiwiri, 30 Januwale

A Mackson ndawauza m'mawa, asanagwire pampu. Anatsamiritsa njinga kukhoma. Kenako akuti Lachinayi sapalasa, tipitira limodzi. Njinga yatuluka mochedwa lero, ndipo anabwereranso kuchokera kumsewu kudzafunsa ngati ndamwa tiyi. Zaka 14 m'banja, funso limenelo n'loyamba.

Lines watumiza uthenga: akapitawo akuti sabata ino yokha, za kutsogolo adzaona. Adzaone. Dengu lili ndi olidikira pageti. Anawa alibe wodikira.

Chitenje chobiriwira ndachisandutsa chokolopera.

Mantha sanachoke. Blantyre ndinapitako kamodzi kokha, ndili mtsikana. Akakati ndi matenda aja? Akakati adule? Leah adzayamwa chiyani, ine ndidzanyamula bwanji dengu? Sindikudziwa. Ndikudziwa chimodzi: amayi anandichapitsa nsalu zaka ziwiri, koma sanandionetse ngakhale kamodzi chimene chinali pansi pake.

Takondwa ali pakhonde, mwendo pampando, akusenda chinangwa chimene ndamuletsa kusenda. Ndimulowetsa m'nyumba. Nditenga dzanja lake, ndiliika pamenepa, apapase yekha. Adziwe mmene kamamvekera, adziwenso kuti ukakapeza umanena tsiku lomwelo. Alira, ndikudziwa. Nanenso ndilira.



Ndamuitana. Akubwera, akutsimphina.