Zitsulo za Denga la Amayi

Vincennes, St. David
Grenada
3 Okutobala 2004

Okondedwa achimwene a Kenrick,

Ndikhulupirira muli bwino ku Brooklyn pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tadzuka, ngati kudzuka pansi pa lona kumatchedwa kudzuka. Kalatayi ndapatsira mphwake wa a Belfon amene akwera ndege Lachitatu, chifukwa zomwe ndikufuna kunena si zoyankhula pa foni yobwereka, anthu atakuzungulira kudikira nthawi yawo.

Mgolo munatumiza uja unafika, zikomo. Mpunga ndi nsomba za m'zitini tagawana ndi anansi, tochi ndi mabatire ndasunga. Magetsi kulibe mpaka lero, madzi tikutunga kumtsinje. Mitengo ya natimegi, zokometsera chakudya zija, imene anatisiyira abambo yonse yagona, mizu kuloza kumwamba.

Amayi ali kunyumba kwanga. Mkono wothyoka uja ukupola, koma sakudya. Amangokhala pampando kuyang'ana kutsidya kwa msewu, kukanyumba ka mnzawo uja, Mayi Ionie. Pa foni munamva kuti Mayi Ionie anatisiya, koma simunamve mmene zinakhalira, ndiye lero mumve.

Amayi anu mukuwadziwa. Chipulumukireni namondwe Janet ali kamtsikana, mwezi wa Juni ukangolowa amadzaza mgolo wa madzi, machesi amatsekera m'botolo, mapepala a malo amakulunga m'pulasitiki. Zaka zonsezi anthu akhala akuwaseka. "Mayi Janet, kodi mphepo yanu ija ifika liti? Tatopatu kudikira!" Aliyense ankati chilumba chathu chili kummwera kwambiri, anamondwe amadzera kumpoto, nchifukwa chake azungu amadzabisa maboti awo kuno. Inenso ndinkaseka nawo, sindikana.

Lachiwiri lija, wailesi ikunena kuti namondwe Ivan akubwera ndithu, amuna ena anali akadali kugolosale, kuseka. Amayi anawoloka msewu kukatenga mnzawo. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Eudine, ndisiye," anatero Mayi Ionie. "Kanyumba kangaka kandisunga zaka zonsezi, kandikanenso lero?"

"Kabokosi ka machesi aka?" amayi anawayankha. "Tiye kwanga iwe. Denga langa anamanga Kenrick, phaso lililonse lili ndi chitsulo chake cholimangirira kukhoma. Ngakhale Satana atayetsemula silingasunthe."

Ndinawapempha onse awiri kuti abwere kwanga, poti makoma anga ndi a njerwa. Amayi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Makoma ndi a njerwa, nanga denga lako anamanga ndani? Ukafuna kupulumuka bwera kuno ndi ana." Anawagwira dzanja Mayi Ionie, kuwawolotsa msewu pang'onopang'ono ndi ndodo yawo ija.

Cha m'ma folo koloko madzulo ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Ndinaona denga la amayi likunyamuka lonse lathunthu, ngati chivundikiro cha poto, nkukagwera kumunda. Denga litachoka matabwa a khoma anagwera mkati. Mphepo itapuma pang'ono mwamuna wanga Alston anakwawa mpaka kumeneko. Amayi anawapeza pansi pa tebulo, Mayi Ionie mtengo wa khoma uli pachifuwa. Kanyumba kawo ka machesi kaja kali chiimire, achimwene. Kanangotaya malata awiri.

Kuyambira tsiku la maliro amayi mawu awo ndi amodzi. "Ndinamupha ndine. Anakana, ine nkumukoka dzanja." Ndikawapatsa tiyi amamwa pang'ono nkumukankha. Madiresi awo onse akuwakhwepa. Amati ngati denga lomangidwa ndi zitsulo zonse zija linapita, ndiye kuti Mulungu ankawalanga chifukwa chodzitama, ndipo chilango chinagwera mnzawo wosalakwa.

Sabata yatha anandiitana. "Verlyn, tenga hamala upite kumunda ukazule zitsulo zija padenga. Zisachite dzimbiri, achimwene ako akabwera adzazigwiritsanso ntchito." Ndinakondwa kuti mwina ayamba kuganiza za mawa. Ndinatenga hamala ndi thumba lalikulu, poganiza kuti zindilemera pobwera.

Ndinapeza zinayi. Ndinazungulira denga lonse kawiri, kutembenuza malata, kudzicheka chala, koma zinali zinayi basi. Zonse zinali pa mapaso a pamwamba pa khomo, pomwe amayi anakhala pampando tsiku la dima kukuonererani mukugwira ntchito. Mapaso ena onse anali ndi misomali iwiri iwiri yowongoka, yosapinda nkomwe.

Ndinabwerera ndi thumba lopanda kanthu. Alston ndinamupeza akuwongola malata kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Shanel, tsiku la dima kwa amayi munali padenga, si choncho?"

"Ndinalipo."

"Zitsulo zili kuti?"

Anapitiriza kumenya lata ngati sanamve. Ndinamulanda hamala.

"Mkazi wanga, zinapita izi, tizisiye."

"Amene anapita ndi Mayi Ionie. Ine ndikufunsa zitsulo."

Ndiye ananena zonse, maso ali pansi. Akuti dzuwa litafika pamutu mphika wa nyama yamchere ndi nthochi za mu kokonati unali utapsa, botolo la mowa wa ramu atalitsegula kale, a pansi akukuwa kuti chakudya chikuzizira. Chitsulo chimodzi chimafuna misomali isanu ndi itatu, ndipo mapaso anali ambiri. Inu munati, "Anyamata, khomani malata tizitsika. Namondwe kuno? Amayi angofuna kumva hamala ikulira." Onse anaseka. Siling'i munatseka tsiku lomwelo, ndipo katoni ya zitsulo munampatsa iye kuti, "Alamu, chotsani izi, mayi asazione."

"Nanga munakazitaya kuti?"

Anangoloza ndi mlomo kukhola la nkhuku zanga.

Achimwene, khola limenelo anamanga Alston mwezi womwe munanyamuka. Ndinapita kukaliyang'ana. Phaso lililonse lili ndi chitsulo chake, misomali yonse isanu ndi itatu. Ivan anatenga denga la amayi, anatenga theka la denga langa, koma khola silinasunthe. Nkhuku zonse zilipo, zikuikira mazira. Ndinayamba kuseka ndili ndekha ngati wamisala.

Ndakhala ndikukumbukira tsiku lija. Ndine amene ndinkagawa chakudya. Munatsika pamakwerero mukupukuta thukuta, amayi nkukufunsani, "Wamanga zonse, mwanangu?" Inu munati, "Zonse amayi, muzigona tulo." Anatenga chikombe m'manja mwanga, kusankha nyama yaikulu nkukuikirani okha m'mbale. Anthu anawomba m'manja.

Padenga paja munali amuna asanu ndi atatu. Inu muli kutali, koma asanu ndi awiri enawo ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku pamzere wa chithandizo. Ndi omwewo ananyamula bokosi la Mayi Ionie. Ndi omwewo anagwira amayi chanza kumanda nkumati, "Limbani mtima mayi, nchifuniro cha Mulungu." Mmodzi wa iwo ndimagona naye nyumba imodzi, ndipo kwa milungu itatu wakhala akuonerera apongozi ake akuwonda, pakamwa pali chete. Ndikumuphikira, koma sitikuyankhulana.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti zitsulo zikanagonjetsa Ivan, poti ndi matchalitchi omwe ali pamtetete. Mwina denga likanapita ndithu, sindikudziwa. Koma amayi akanadziwa kuti padenga pali misomali iwiri iwiri, sakanawoloka msewu kukatenga mnzawo. Akanabwera kwanga, kapena akanapita kukabisala kukabokosi ka machesi komweko. Pa chilumba chonse munthu mmodzi yekha amene anakonzeka ndi iwo, ndipo anagwa chifukwa anakhulupirira mwana wawo. Zimenezi zikundiwawa kuposa mphepo. Ndinu munandiphunzitsa kukwera mtengo wa mango, ndinu ndinkathawirako abambo akatenga lamba. Mawu anu ndinkawatenga ngati a m'Baibulo.

Amayi sindinawauze. Nditabwera ndi thumba lopanda kanthu ndinanama kuti zitsulo anazula kale akuba, tsono nanenso ndalowa m'gulu lanu la abodza. M'mawa uliwonse ndikawapatsa tiyi mawu amafika pakhosi, nkubwerera. Ndikawauza ndiwalanda mwana. Ndikapanda kuwauza ndiwaika m'manda chaka chisanathe, akudziyesa wakupha.

Munati pa Khirisimasi mubwera kudzawamangira denga lina. Musanakwere pa nyumba imeneyo, yambani mwawauza za loyamba. Lamulungu likubwerali, tikaweruka ku Misa, ndibwereka foni ya anamwino a ku kiliniki. Muimbe thu koloko. Ndiwapatsa foniyo amayi, ine ndituluka panja kuti ndisamve. Muwauze ndi pakamwa panu kuti sanaphe munthu. Mukapanda kuimba ndiwauza ndekha Lolemba m'mawa, ndipo musadzati mlongo wanu anakuyalutsani. Chonde musatumize mgolo wina m'malo mwa mawu, malo ouika tilibe.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana. Shanel akuti malume ake asaiwale nsapato za kusukulu, ngakhale sukulu yake ilibenso denga. Alston sanapereke moni, poti sindinamuuze kuti ndikulemba.

Amayi andipeza ndikulemba ndipo afunsa kuti ikupita kwa ndani. Nditawauza, nkhope yawo yawala koyamba chichokereni namondwe. Andiuza kuti ndilembe mawu awa osasintha, ndipo aima pambali panga mpaka nditawalemba: "Mwanangu, usadzivute mtima uli kutali. Iwe unachita zonse zomwe ukanatha. Wolakwa ndine. Mulungu adalitse manja akowo."

Ndalemba monga anandiuzira.

Ndine mlongo wanu,
Verlyn