Mpunga Pansi pa Chitenje

Tukuyu, Lachitatu

Okondedwa achemwali anga a Subilaga,

Landirani moni wanga. Kaya mukudzuka bwanji ku Dar kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinamusiya Lusajo? Kuno mvula siikukata, koma tikudzuka.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ndili nayo. M'nyumba muno munthu sunganong'one, apongozi amamva zonse. Ndiipereka kwa kondakitala wa basi yamawa.

Nkhani ndi ya mimbayi, yomwe tsopano yalowa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Amuna anga a Gwamaka asananyamuke ndi lole yawo ulendo wa ku Lubumbashi, anamwino anatiikira kapulogalamu m'mafoni mwathu tonse awiri. Loweruka lililonse ndimakwera sikelo, kujambula nambala n'kuika mufoni. Thupi likamawonjezeka bwino kamzere kamabiriwira, likatsalira kamafiira, ndipo a Gwamaka amaona ali konko. Kamanenanso zoti ndizidya: mazira, chambiko, nyemba, mapeyala.

Koma mwini khitchini muno si foni ayi. Apongozi anakana zonsezo. Akuti mwana akanenepa m'mimba satuluka yekha, amakamutulutsa ndi mpeni. Mazira anatsekera m'kabati, chambiko amagulitsa, ine amandiwerengera nthochi pambale ngati mlendo wokhalitsa.

Kuwada sindingathe, achemwali. Mukukumbuka mwana wawo Ndimbumi, yemwe anapita kuchipatala ndi mimba yaikulu n'kubwerako m'bokosi. Tsiku lina nditadandaula njala, anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, ndinaika kale mmodzi. Bola undide uli moyo." Inu mukanayankha chiyani?

Kamzere katayamba kufiira, a Gwamaka anaimba atapsa mtima, kufunsa ngati amayi awo akundimana chakudya. Mumawadziwa, mtima uli pachala. Analumbira kuti akapeza zili choncho andichotsa pano, ndipo amayi awo mdzukuluyu sadzamuona ndi maso. Ndinakana, ndinati vuto ndi sikelo.

Apa ndiye ndinachita zopusa. Sikelo imene ndimakwera ndi ya anyamata ogula mapeyala pamsika. Ndinasoka kathumba kakatali, kuthiramo mpunga wa ku Kyela, n'kumamanga m'chiuno pansi pa chitenje. Sabata iliyonse ndinkawonjezera kapu. Kamzere kanabiriwira bwinobwino, a Gwamaka n'kumatumiza timitima pafoni, anyamata aja n'kumandiseka kuti ndikapsa andigula pakilo. Inenso ndinkaseka nawo, mutu ukuzungulira.

Mwezi watha ndinajomba dala kuchipatala. Dzulo ndinapita chifukwa mwana wachepetsa kugunda, ndipo kathumba ndinavala kuti nambala zifanane ndi za mufoni. Anamwino atandigoneka kuti ayeze mimba ndi tepi, anakapeza. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangokamasula, kukaika patebulo, n'kuyeza kawiri. Kenako anati, "Foni mwaidyetsa bwino, mayi. Koma uyu ali ndi njala."

Akuti mwana watsalira kukula, magazi anganso ndi ochepa. Andipatsa mapiritsi, ndipo anenetsa kuti ndikapanda kuyamba kudya tsopano, akhoza kubadwa wosakwana kapena osalira n'komwe. Nambala yeniyeni analemba okha mufoni ine ndikuona. Ndinalira njira yonse, achemwali, ndili ndi mantha.

Chionereni nambalayo, a Gwamaka aimba, aimbanso, sindikuyankha. Atumiza uthenga woti ali pamzere wa malole pamalire a Tunduma, pomwe amatha masiku akudikira, akangowoloka abwera kuno asanakatsitse n'katundu yemwe. Akafika ali choncho, pakhomo pano patuluka mawu osabwezeka.

M'mawa uno ndinatola peyala n'kukadyera kuseri kwa bafa ngati wakuba. Potembenuka ndinapeza apongozi ataima, akundiyang'ana. Alowa kuchipinda kwawo, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuwamva akulira, akutchula dzina la Ndimbumi.

Chonde bwerani iwo asanafike. Amayi athu kulibe, wamkulu wanga ndinu. Za anamwino apongozi samva, akuti ndi omwewo ogwira mpeni, za foni ndiye musanene. Koma inu munabereka ana atatu onenepa, onse panjira yake. Mudzalowe nawo kuchipinda awiriwiri, mumasule chitenje, aone ndi maso awo kuti pamimba panu palibe chipsera. Mwina akatero adzatsegula kabati ija ndi manja awo, osati mwana wawo atathyola chitseko.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lusajo ndi azing'ono ake. Azakhali musawauze kaye, angadwale nazo. Mulungu akusungeni, ndipo akutsogolereni pamsewu.

Ndine mng'ono wanu,
Tusajigwe