Njinga Yopanda Mtanda

Lolemba, 22 Okutobala 1979

Basi ya ku Salima sinabwerenso lero. Petulo kulibe, akutero, ndipo palibe akudziwa adzabwera liti. Ndinaima pa siteji ya pa Mvera nditanyamula mayunifolomu ngati ndikukapereka kwa eni ake, chonsecho mabatani sindinaike. Aliyense akudziwa amene ndimadikira.

Lester. Ndilembe dzina lonse kamodzi, ndilione. Chichokereni mu Ogasiti tikutonola chimanga. Ali ku Senga, akukonza njinga pa hotela ya kunyanja. Kalata salemba, amati dzanja lake linazolowera sipanala, bolopeni imamuterera. Ndinkaseka akamatero. Lero sindikuseka.

Amalume Agustino pa chakudya: “Mkamwini wanji wosadziwa pokhala khasu? Akapanda kuoneka Lamulungu loyamba la Novembala, ndiitana ankhoswe, ukwatiwu tiuone bwino.” Kuuona bwino kwa amalume ndiko kuuthetsa.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Ndamusowa mpaka ndasoka dzanja la shati mozondotsa.

Lachitatu, 24 Okutobala

A Benjamini ogulitsa usipa akwera lero kuchokera kunyanja, ndi mnzawo amene amapalasa njinga ina yobiriwira, yopanda dengu. Anaiimika pakhomo pathu. “Atumiza a Lester.” Ndinafunsa mawu. “Akuti muiona nokha.” Basi? Basi. Munthu miyezi yonseyi, mawu awiri!

Ndinawapatsa thobwa kuti alankhule. Akuti kunyanja zinthu zasintha. Maboti a injini angogona pamchenga, magalimoto a alendo aima. Alendo tsopano akuyenda pa njinga kupita kumsika, kuzilumba akupita pa bwato lopalasa kapena la thanga, ena akungoyenda pansi m’mapiri a kumeneko. Ndipo akuti akukondwa nazo! Ati nyanja yakhala bata, utsi kulibe, nkhwazi zikumveka mpaka m’zipinda. Anthu olemera ndi odabwitsa, kusowa kwa petulo akuyesa chisangalalo. Ndiye L. ntchito yamuchulukira, bwana wake amangomumasula Loweruka lokha, ndipo phiri lathuli sungakwere n’kutsika tsiku limodzi.

Akanalekera pomwepo. Koma pakamwa pa a Benjamini mabuleki palibe. “Akazi a kumeneko mathalauza, mayi, ena akabudula. Pa hotela lamulo la zovala silifika. Amuna anu ndi amene amawagwirira chishalo akamaphunzira.” Amayi awiri ogula usipa anamva. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

Amalume anaizungulira njinga ija kawiri. “Yothyoka iyi! Mtanda uli kuti?” Zoonadi, chitsulo chija chimachoka pa chishalo kukafika ku mahandulo palibe, pangokhala mpata. Gudumu lakumbuyo lakutidwa ndi kaukonde ka asodzi mbali zonse. “Munthu akatumiza chinthu chothyoka kwa akuchikazi ndiye kuti akutsazika. Bola tapezapo tcheni.” Aitengera kwawo.

Ndalira kuseri kwa nkhokwe, osati chifukwa cha njinga.

Lachinayi, 25 Okutobala

Amalume aikonza njinga! Adula nsungwi, aimangirira ndi mphira pamene akuti panali mtanda. Anaikwera kupita ku msonkhano wa madikoni, mawondo akugunda mahandulo chifukwa chishalo chili pansi kwambiri ndipo sipanala alibe. Ukonde auleka, akuti mwina n’ngoumitsirapo nsomba. Ndikanaseka ndikanakhala ndi mtima wosekera.

Belu lake analiliza njira yonse ngati ng’ombe yasochera. L. akamabwera kudzandifunsira ankaliza kawiri, n’kudikira pang’ono, n’kulizanso kamodzi. Ndinkamumva ali kutsidya kwa dambo.

Loweruka, 27 Okutobala

Ndilembe za lero.

Amalume popita kumaliro anandituma ndichotse njinga padzuwa, matayala angaphulike. Ndikuikankha, mphepo ya kumapiri inakankhira chitenje changa pa gudumu. Ndinati chang’ambika basi, chitenje changa chabwino chija. Ayi ndithu. Chinangotsetsereka pa ukonde, masipoko sanachigwire.

Ndinaima. Chishalo chinali chitandigunda m’chiuno ndendende, ngati munthu anachita kundiyeza ndi tepi yanga yomwe.

Kenaka ndinakumbuka. Tisanakwatirane, pa mlatho, L. anati ndiphunzire kupalasa. Ine ndinati: “Ndikweze mwendo kudumpha mtanda anthu akuona? Ndi chitenje? Mukufuna andigwire a chipani?” Iye anati: “Ndiye mtandawo tidzauchotsa.” Ndinayesa nthabwala za anyamata.

Si yothyoka. Ndi yanga. Akundiitana.

Kapena ndikudzinamiza? Ayi. Ukonde uja walukidwa ndi mfundo zing’onozing’ono zofanana, ntchito ya masiku ambiri. Munthu wotsazika sakhala pansi kumanga mfundo.

Lamulungu, 28 Okutobala

Ulaliki sindinaumve. Titaweruka ndinatenga sizasi yanga n’kudula mphira za amalume. Nsungwi inagwa, phu.

“Iwe Margareta, wapenga?”

“Amalume, njingayi ndi yachizimayi. Anaipanga choncho dala.”

“Njinga yachizimayi? Mawa udzandiuza kuti kuli khasu lachimuna.” Kenaka anakwiya zenizeni. Akuti palibe mbumba yawo imene idzathamangire mwamuna ngati nkhuku yoona chimanga, ndipo tsiku la ankhoswe silisuntha. Ndinagwada bwinobwino, mawu pansi: “Lisasunthe, amalume. Koma njinga ndatenga.”

Nsungwi yawo anaitola n’kupita nayo.

Lolemba, 29 Okutobala

Bwalo la mpira, dzuwa lisanatuluke. Ndagwa mpaka ndinasiya kudandaula. Chigongono chasupuka, bondo lamanzere latupa. Njinga imapita kumene ikufuna, makamaka kumene kuli chulu.

Wondigwirira chishalo ndilibe. A mathalauza aja ali naye. Ndinaganiza zimenezo ndili chigonere m’fumbi, mkwiyo n’kundidzutsa.

Lachiwiri, 30 Okutobala

Ndazungulira bwalo lonse osaponda pansi! Ndinakuwa ndekha, mbuzi zinabalalika.

Pobwerera ndinakumana ndi Paulo wa yufi ya chipani, amene tinali naye Sitandade 5, lero akuyenda ngati boma ndi iyeyo. “Mayi, mphepo ikumaonetsa mawondo. Mukatero pa msewu waukulu, musadzati sitinakuuzeni.” Ndinamuthokoza mwaulemu, mumtima ndikukumbukira mmene ankalirira akalephera samu.

Koma wanena zoona. Ndamasula diresi langa la buluu, ndalumikiza nsalu ina kuti lifike m’akakolo, ndipo mu mpendero ndasokereramo timiyala ta kumtsinje. Mphepo iyese tione. Ndikamayenda timandimenya m’miyendo.

Lachitatu, 31 Okutobala

A Benjamini abweranso, ulendo uno adzera ku Ntchisi, sanamuone L. Ndinafuna kuwatuma mawu koma akutsika sabata yamawa. Atamva kuti ndikufuna kutsika ndekha anagwira pakamwa. Kenaka anandiuza nzeru yawo ya pa mtsetse: kudula nthambi ya masamba ambiri, kuimangirira ku kaliyala kuti izikwekwereza kumbuyo, mabuleki angapse. “Ndipo musayang’ane nyanja ikaonekera, mayi. Ambiri amagwera pomwepo.”

Nyanja sindinaionepo chibadwire. L. anati adzandionetsa tikakolola. Takolola kawiri.

Lachinayi, 1 Novembala

Chizimalupsa chagwa masana, fungo la dothi mpaka m’nyumba. Anthu onse maso kumunda. Mizere yathu ndagalauza ndekha theka, theka linalo likundiyang’ana.

Lero mantha. Nanga ndikakafika n’kupeza wina akumuphikira? Nanga akakandiona ndi diresi la miyala, fumbi mpaka m’nsidze, pakati pa akazi onunkhira sopo wa ku hotela? Mwina njingayi ndi yongondipepesera, kuti ndizipitira ku chigayo ndisamamuvutitse. Mawu awiri aja ndawatembenuza mbali zonse ngati nsalu ya kaunjika. Muiona nokha. Lester, ukanangonena kuti bwera, pakamwa pakanatupa?

Ndikumufuna. Ndikufuna fungo lake la girizi, ndi mmene amaimbira mluzu nyimbo ya kwaya molakwitsa. Ndikufuna andikwiyitse ali pompano.

Lachisanu, 2 Novembala

Amayi sanalankhulepo kanthu sabata yonseyi. Lero andipeza ndikupopa matayala, andipatsa mbatata yootcha ndi mtedza m’kansalu. “Kadi ya chipani usaiwale, pa msewu amafunsa.” Kenaka anati: “Bambo ako atapita ku Joni ine ndinadikira. Ndinadikira bwino kwambiri, aliyense anandiyamikira.” Anakalowa m’khitchini. Bambo sanabwerere, ndipo sindinawamvepo amayi akuitchula nkhaniyi.

Amalume atumiza kale uthenga kwa ankhoswe. Mkuja, tikaweruka ku tchalitchi.

Loweruka, 3 Novembala

Ndikulemba nditakhala pansi pa mtengo wa mango, kunsi kwa phiri, pamene msewu umayamba kuwongoka kulowera ku Salima. Miyendo si yanga.

Ndinanyamuka kukuyera. Nthambi ya msuku kumbuyo, fumbi ngati kukubwera lole. Ana a m’midzi amathamangira kumsewu kudzaona, n’kupeza ndi mayi mmodzi wa diresi la buluu akukuwa yekha. A yufi anandiimitsa pa mlatho wina, anaona kadi, anayang’ana mpendero, anayang’ana njinga. Mmodzi anati: “Yothyokatu iyi, mayi.” Ndinati eya.

Pa khona lina mapiri anatseguka, kutali kukuoneka chinthu chotuwa, chonyezimira ngati lata latsopano. Sindinayang’anitsitse. Ndinamvera a Benjamini.

Pano pali mayi wogulitsa thobwa. Ndisanatsike n’komwe anati: “Ndinu a njinga yobiriwira! Mwachedwatu.” Akuti Loweruka lapitali bambo wina anafika m’mawa kuchokera ku Senga, anakhala pa muzu uwu tsiku lonse maso kuphiri, thobwa osamaliza. Lole ya makala ikatsika amaimirira, ngolo ikatsika amaimirira. Pochoka anati akaona mayi pa njinga yopanda mtanda amuuze adikire.

Ndiye ndikudikira. Kwatentha, kunsi kuno mphepo ndi yofunda ngati mpweya wa ng’ombe. Kumsewu kulibe galimoto ndi imodzi yomwe, kuli zii, moti ukumva njinga ili kutali.

Belu. Kawiri.

Kamodzi.

Masana, pomwepa

Waonda. Anatsika njinga isanaime, kenaka anangoima chapatali, manja ali lende, mayi wa thobwa akutiyang’ana. Anayamba ndi kugwira chishalo changa, kuona ngati chili bwino. Anaona mabala a mphira pa utoto.

“Apa panamangidwa chiyani?”

“Nsungwi. Amalume anaikonza.”

Anaseka mpaka anakhala pansi, ine n’kuyamba kulira, kenaka ndinamukalipira za mawu awiri aja, za akazi a mathalauza, za mizere. Anamva zonse mutu uli pansi. Anati ankaopa kuti akanena kuti bwerani, amalume akaniza. Njinga yokha sakanaikaniza. Kenaka anaona chigongono changa chosupuka chija.

“Tiyeni, a Maga. Nyanja ili pafupi. Ndapempha bwato la thanga mawa madzulo, ndikakuonetseni chilumba.”

Ndinamuuza za mawa. Ankhoswe, tikaweruka ku tchalitchi.

Anayang’ana njira ya ku Senga nthawi yaitali. Mawa m’mawa alendo adzafuna njinga zawo, ndipo bwana wake si munthu womva za ankhoswe. Sindinamuthandize.

Wamasula nthambi ija ku kaliyala yanga, waiponya kutchire. Akuti pokwera siifunika. Njinga yake waitembenuza, yayang’ana kumapiri, ndipo akundiuza nditseke kabukuka dzuwa lisanapendeke.

Nyanja ili kumbuyo kwathu. Sindinaionebe.