Mphamba wa pa Mlambe Wapulumuka

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Kunatentha, koma ndabwerako ku Bwanje ndikuyenda monyada.

M'mawa ndikupirikitsa mbalame mu mpunga, alamu anga a Bonifasi anatulukira ndi legeni. Akuti mphamba amene amatera pa mlambe wa pafupi ndi mundawu wawathera anapiye.

Ndinawagwira dzanja. "Alamu, wakuberani ndi kabawi. Iye uja mapiko ake ndi otambalala, amabisala mumtengo n'kutola mwanapiye pansi. Uyu mapiko ake ndi osongoka, amagwira zake m'mwamba."

"Zonsezi ndi mbava basi," anatero akukoka legeni.

Nthawi yomweyo chigulu cha mpheta chinafika pamwamba pa mpunga. Mphamba anapinda mapiko, kutsika ngati mwala, n'kumenya imodzi, nthenga zili mbwee. Zinazo zinabalalika osabweranso mpaka madzulo. Ine amene mawu anandithera ndi kukuwa sabata yonse ndinakhala pansi n'kudya chinangwa changa mwamtendere.

Alamu anabweza legeni m'thumba. Ndinawapatsa jivi wa pazilonda uja woti apake anapiye otsalawo kuti kabawi asawazindikire.

Pochoka anandifunsa, maso ali ku mlambe: "Kodi ameneyu sangamafikeko ndi kumunda kwanga?"